Tsiku Lomwe Majagi a Abambo Anapezeredwa Ntchito

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chomwe achemwali anga a Felista anakwatiwa, ndipo kunena zoona, za ukwati weniweniwo ndimakumbukira zochepa. Diresi ndinaiwala, nyimbo ndinaiwala, ngakhale nkhope ya mkwati tsiku limenelo sindingaifotokoze. Chomwe chinakanirira m'mutu mwanga ndi dzulo lake, Lachisanu, ndipo mpaka lero ndikaliganizira mtima umandiwira ngati zachitika m'mawa uno.

Abambo anali akalipentala. Kwawo kunali ku Phalombe, koma monga mwa mwambo wathu kuno ku Chiradzulu, atakwatira anabwera kudzakhala kwawo kwa amayi, m'mudzi wathu kuseri kwa Nguludi. Anali mkamwini wofatsa, wa mawu ochepa, ndipo mudzi wonse unkawayamikira chifukwa sankadziwa kukana kanthu.

Koma anali ndi matenda amodzi, amayi ndiwo ankatchula choncho. Ankatolera majagi akale a ku Mangalande. Zinayamba akadali mnyamata, akukonza denga la nyumba ina ya pa esiteti ya ku Namadzi. Mayi wina wachizungu wokalamba, yemwe ankalongedza katundu kubwerera kwawo, anawapatsa jagi imodzi yolemera, n'kuwauza kuti inaumbidwa m'nthawi ya mafumu a kwawo otchedwa Joji, amishoni asanafike n'komwe kuno. Basi, matenda anawalowa pomwepo. Kulikonse komwe aitanidwa kukakhoma denga kapena chitseko m'nyumba zakale za m'maesiteti, maso awo ankakhala kuseri kwa makhitchini ndi m'zipinda zosungiramo katundu. Ina anaipeza kwa ana a khukhi wina akusungiramo misomali, ina anachita kusinthanitsa ndi mpando wandalema womwe anaupala sabata yathunthu. Sanali ambiri ayi, koma anawapangira kabati yakeyake ya mbawa, ya galasi kutsogolo, yokhoma ndi kiyi.

Musaganize kuti zinali zinthu zokongola moti munthu n'kuima nazo kakasi. Anali majagi adongo, koma dongo lowotchedwa mpaka kulimba ngati mwala, loti ukaligogoda ndi chikhadabo limalira. Kumtunda anali ofiirira, kumunsi otuwa, khungu lake la timabowo ngati la lalanje. Abambo ankati owumba ake ankaponya mchere mu uvuni moto uli pakati, n'chifukwa chake ankanyezimira choncho. Yaikulu pa onse, ija ya mayi wachizungu, inali ndi zithunzi zotukuka kuzungulira mimba yake: agalu akuthamangitsa gwape, munthu wa pa hatchi m'mbuyo mwawo, ndi chimzungu china chonenepa chitakhala pa mgolo, kaliwo kukamwa, chikho m'manja. Ife ana tinkachitchula kuti chidakwa. Ina yocheperapo inali ndi kachisoti kachifumu kodindidwa pafupi ndi kukamwa, ndipo imeneyo abambo ankaigwira ngati khanda.

Ntchito yowapukuta inali yanga, Loweruka lililonse, ndipo ndinkadana nayo ndi mtima wanga wonse. Anzanga ali pa fulaye panja, kukuwa kukumveka, ine ndili chogwada pa mkeka, kansalu m'manja, abambo ataima pamutu panga. "Manja awiri, Sitela. Usanyamulire pa chogwirira, gwira pamimba." Jagi ili ndi chogwirira, koma usagwire pa chogwirira! Nanga anachiikirapo chiyani? Madzi osathiramo, mchere osasungiramo, ngakhale maluwa a pa Khirisimasi osaikamo. Chonsecho m'mawa uliwonse ine ndinkapita kumjigo ndi ndowa yodontha yomata ndi phula, n'kubwerako msana wonse uli chonyowa.

Amene ankawanyoza kwambiri majagiwo anali amayi aakulu, a Esitere, akulu awo a amayi anga. Iwowa anali owumba mbiya odziwika, miphika yawo inkagulidwa mpaka kumsika wa ku Namadzi, ndipo kwa iwo chiwiya chongokhala chinali chimodzimodzi munthu waulesi, chofunika kuchidzudzula. Akalowa m'nyumba mwathu ankaima pa kabati paja, manja m'chiuno, n'kufunsa kuti, "Alamu, alendo anuwa adakagonabe? Adzayamba liti ntchito?" Abambo ankangoseka chapansipansi, n'kuwakokera mpando.

Lachisanu lija pabwalo pathu panali pikitipikiti. Azimayi anadzaza kuyambira mbandakucha, ena akusinja, ena akusosola nkhuku, ena akutakasa thobwa m'migolo, utsi uli tolotolo mpaka maso kuwawa. Kwathu kuno ukwati ukafika palibe chiwiya cha munthu. Mbale, miphika, mabeseni, mipando, zonse zimatuluka m'nyumba zonse za m'mudzi, ndipo wokaniza ndiye kuti wadzichotsa yekha pa ubale. Abambo ankadziwa zimenezi kuposa ine. Tsikulo anayenera kupita ku Limbe kukatenga suti yawo kwa telala, ndiye asananyamuke anandiitanira m'nyumba, n'kundimangirira kiyi wa kabati pa chingwe cha medulo yanga m'khosi.

"Kiyi uyu usapatse munthu," anatero motsitsa mawu. "Ngakhale amayi ako."

Taonani nzeru za akuluakulu! Munthu wamkulu, wandevu zake, akuopa kukaniza alamu ake maso ndi maso, ndiye katunduyo akusenzetsa mwana wa Sitandade 6 kuti akakane m'malo mwake. Ine ndinangovomera, poganiza kuti ndani angafune zinthu zomwe mudzi wonse umaziseka.

Dzuwa lisanafike pamutu, amayi aakulu anayamba kudandaula za apongozi. A kuchimuna anali a m'tauni, a ku Blantyre, ndipo mphekesera inali yakuti akubwera pa magalimoto. Thobwa la anthu wamba likanakhala m'ndowa, palibe vuto, koma pa tebulo la apongozi? Ndowa yapulasitiki pamaso pa anthu ovala mataye? Ndinawaona akukanda pachibwano, kenaka maso awo anatembenukira kukhomo la nyumba yathu.

"Sitela, bweretsa kiyi wa kabati ija. Lero alendo a bambo ako apeza ganyu."

"Abambo anati ndisapatse munthu."

Misi inaleka kugunda. Azimayi onse anacheuka kuti aone mwana amene wayankha a Esitere.

"Iii, tamumvani! Ine amene ndinakusambitsa uli kakhanda kofiira, lero ukundiwerengera pa anthu a mumsewu?"

Ndinayang'ana amayi kuti mwina andiombola. Iwo anali pa mtondo, maso pansi, ndipo ndinadziwiratu kuti palibe thandizo, poti akulu awowo ankawaopa kuposa njoka. "Ingopereka, mwanawe," anatero osandiyang'ana. "Tilankhula nawo akabwera."

Sindinapereke. Ndinafumbata kiyi uja pamodzi ndi medulo, misozi ili chuchuchu, mutu ndikupukusa. Amayi aakulu ananditchula mayina onse omwe mwana amatchulidwa: wopanda mwambo, wouma mutu, wotengera kuchimuna. Potsiriza anaitanitsa amalume a Fabiano, eni mbumba yathu, omwe anali ndi azibambo anzawo kumanga chisakasa cha alendo. Iwo anabwera akupukuta thukuta, n'kundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, ndiwe mwana wa kuno kapena wa ku Phalombe?"

Koma sanalimbane nane. Anangolowera kukashedi komwe abambo ankagwirira ntchito, n'kutulukako ndi sikuludiraiva ya abambo omwewo. Analowa m'nyumba, anagwada pa kabati, n'kuyamba kumasula mahinjesi akuimba kamluzu. Posakhalitsa chitseko chonse chinachoka, n'kuchitsamiritsa kukhoma bwinobwino kuti galasi lisasweke. Kiyi anali akadali m'khosi mwanga, ine nditaima pomwepo ngati chitsiru.

Akanangotsuka majagiwo n'kuthiramo thobwa, mwina nkhani ino sindikanailemba. Zinthu zija zinaumbidwira zakumwa, abambo akanapeza zikununkha chimera, akanameza malovu, basi. Koma amayi aakulu ananyamula yaikulu ija, pa chogwirira penipeni, n'kutuluka nayo panja. Anaisuzumira, anainunkhiza, anaigogoda, kenaka anagamula.

"Iyi sinalawepo kanthu. Ndi yatsopano."

"Si yatsopano, amayi aakulu! Ndi yakale kuposa agogo awo a agogo!"

"Chakale ndi chimene chagwirapo ntchito. Bweretsani madeya."

Aliyense wokulira kwathu amadziwa kuti mphika kapena mtsuko watsopano sungoyamba kuugwiritsa ntchito. Umayamba wauika pamoto n'kuphikamo phala la madeya, kuti ukhwime, usamadonthe, ndiponso fungo la dothi lichoke. Amayi aakulu anachita zimenezi ndi mbiya zosawerengeka, ndipo sakanalola apongozi a ku Blantyre kumwa thobwa lonunkha dothi. Ndinawauza kuti abambo amanena kuti dongo ili ndi lina, silifuna moto wa pamafuwa, limang'aluka. Ndinanena kawiri, ndinanena katatu, mawu mpaka kusasa.

"Iwe undiphunzitse ine za dongo? Ndinayamba kuumba amayi akowa asanamere mano."

Anasendeza mafuwa kuti ayandikane, anathira madzi ndi madeya m'jagi muja, n'kuikhazika pamoto wa nkhuni za bulugamu womwe unali lawilawi. Poyamba sipanachitike kanthu. Mwaye unayamba kukwera pa agalu aja, amayi aakulu akuvundula ndi kamtengo, akundiponyera diso lakuti waona? Kenaka panamveka kuti thwaa! Thako lonse la jagi linathothoka, phala linakhuthukira pamoto, phulusa ndi nthunzi kuti bwii m'maso mwa anthu. Azimayi anabalalika akukuwa. Utsi utachepa ndinaona chidakwa chija chitagawika pakati, mutu kwina, mgolo kwina.

Munthu wina aliyense akanasiyira pomwepo. Osati a Esitere. Anakutumula phulusa pa chitenje, anayang'ana zidutswa zija mokhala ngati zawalakwira, n'kunena kuti, "Moto unachuluka." Anapalasa nkhuni zina n'kusiya makala okha, analowanso m'nyumba, n'kutuluka ndi ija ya kachisoti kachifumu.

Apa ndiye mutu unandizungulira. Ndinawathamangira n'kuwagwira chitenje, ndikukuwa kuti siyani, siyani, koma mayi wina wamphamvu zake anandinyamula m'chiuno n'kukandikhazika pa khonde, akundiuza kuti ndikuchititsa manyazi amayi anga. Ndinaonerera ndili pomwepo. Iyi sinaphulike. Inangoti tswi, mng'alu kuchokera kukamwa mpaka pansi, madzi n'kuyamba kudonthera pa makala kuti tsii, tsii. Poichotsa pamoto inatseguka yokha zidutswa ziwiri m'manja mwawo.

"Ndaona tsopano," anatero amayi aakulu modekha, ngati dokotala wapeza matenda. "Dongo la azungu ndi labodza. Zotsalazo zisiyeni, zingativulazire apongozi."

Ndipo mukudziwa chomwe apongozi anamwera thobwa mawa lake? Majagi agalasi a akazi a aphunzitsi, nyumba yachitatu kuchokera pathu, omwe analipo kuyambira kalekale ndipo mwini wake akanapereka mosavuta. Anangotuma kamwana, n'kubwera nawo nthawi yomweyo. Koma abale!

Kwathu sataya phale. Mayi wina anatola chidutswa chachikulu cha jagi yoyamba ija, chokumbika bwino, anachitsuka, anathiramo madzi, n'kuchiika pansi pa mpapaya kuti anapiye azimwera. Choncho abambo pofika chakumadzulo, atatsika minibasi kumsewu n'kuyenda wapansi, suti ili papulasitiki paphewa, chinthu choyamba kuona pabwalo pawo chinali anapiye atazungulira agalu awo aja, akumwa n'kumakweza timilomo kumwamba. Anaima. Anayang'ana nthawi yaitali, osawerama kuti atole. Ine ndinkati lero ndiye lero, mudzi uno uwamva abambo anga.

Amayi aakulu sanadikire n'komwe kufunsidwa. "Mwabwerako, alamu? Pepanitu, azungu aja anakunamizani. Taziyesa zinthu zanu zija, n'zosalimba. Ziwiri zasweka ndi kamoto kochepa."

Abambo anasamutsira suti ija paphewa lina. "Zikomo, alamu," anatero. "Mwatopa nayo ntchito lero."

Zikomo! Ine ndalira tsiku lonse, mawu atha, ndatchedwa wopanda mwambo pamaso pa mudzi wonse chifukwa cha kiyi wawo, iwo n'kufika n'kunena kuti zikomo! Zinandipweteka kuposa pamene jagi inkaphulika. Ndinawatsatira m'nyumba mwaukali. Ndinawapeza atagwada pa kabati, akusonkhanitsa masikuluwu omwe amalume anawasiya pansi.

"Abambo, bwanji simunawakalipire?"

"Gwira chitsekochi apa, chisapendeke."

Ndinagwira. Anamanga hinjesi yam'mwamba pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti sikuludiraiva ikuterereka m'manja mwawo, chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo.

"Ndikalipe nditaima pati, Sitela? Bwalo ili ndi lawo. Mawa mwana wawo akukwatiwa."

"Mwana wanu!"

"Wanga pomubereka. Amene anamva nkhani ya ukwatiwu poyamba ndi amalume ako, ine anachita kudzandiuza." Anamanga sikuluwu ina. "Njinga yanga ili kuti panopa? Sindikudziwa. Wilibala, nkhwangwa, makwerero, chilichonse chomwe chili ndi ntchito ndi cha mudzi. Sindidandaula ayi, ndi mmene timakhalira, ifenso kwathu timatero ndi akamwini athu. Koma izi palibe ankazifuna. Ndimati chinthu chopanda ntchito andisiyira."

Anamaliza hinjesi yam'munsi, anatsegula n'kutseka chitseko kuti aone ngati chakhala bwino, kenaka anatuluka kukathandiza azibambo kufolera chisakasa. Ine ndinatsala m'nyumba ndikadali wokwiya, kungoti tsopano sindinkadziwanso woti ndimukwiyire.

Ukwati unayenda bwino, anthu amatero. Abambo anavala suti yawo, anavina pa perekaniperekani, anagwirana chanza ndi apongozi. Patapita masiku angapo anakhoma kabokosi kamatabwa, anathiramo utuchi, n'kuikamo majagi otsala aja, iliyonse ataikulunga m'nyuzipepala. Anakasiya kwawo ku Phalombe, kwa alongo awo, azakhali athu, n'kubwerako mawa lake chimanjamanja. Kuyambira pamenepo sanatolerenso jagi ina. Ankapitabe kumaesiteti kukagwira ntchito, koma ankabwerako ndi zipangizo zawo zokha. M'kabati muja munalowa mbale za amayi, ndipo Loweruka langa linamasuka. Ndinkapita ku fulaye monga ndinkafunira, koma sindinganame kuti ndinkasangalala nazo.

Abambo anakalambira m'mudzi mwathu. Atamwalira, ine ndili kale pabanja, abale awo anabwera kudzawatenga kuti akagone kwawo, ndipo tinaperekeza tonse. Kusiwa kuja, ndikuthandiza azimayi kukhitchini, munthu wina anandipatsira mchere, ndipo dzanja langa linazindikira khungu lija maso asanaone. Inali imodzi ya majagi aja, kukamwa kutabenthuka, mwaye uli bii. Nditayang'anayang'ana ndinapeza ina pawindo muli parafini, ina pakhonde ana akumwera madzi. Azakhali ataona ndikuitembenuza anandiyandikira, maso ali ofiira ndi kulira. "Achimwene anatibweretsera zimenezi kalekale," anatero. "Ziwiya zolimba zedi, zatithandiza." Ananena ndi mtima woyamika. Abambo ankabwera kuno kawirikawiri, ndiye kuti ankaziona, ndipo nakonso ayenera kuti anati zikomo.

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa zomwe anandiuza tsiku lija nditagwira chitseko. Kwathu anali mlendo, ndiye sakanakaniza. Kwawo sankakhalako, ndiye sakanalondera. Palibe amene anawachitira nkhanza mwadala. Amayi aakulu ankafuna ulemu wa banja, amalume ankafuna ntchito iyende, azakhali anaona ziwiya zabwino zikungokhala m'bokosi. Aliyense anali ndi chifukwa chomveka, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ndilibe munthu mmodzi woti ndimuloze chala.

Lero amayi aakulu a m'mudzi muno ndine. Ukwati ukayandikira, ndine amene ndimayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa mbale ndi mabeseni, ndipo ndimalimbikira ndithu, wokaniza ndimamuuza zoona. Koma ndikalowa m'nyumba n'kuona kanthu ka mkamwini kali pakokha, kaya ndi gitala wopanda nsambo, kaya ndi wailesi yakale yoti sinalirepo chikwatirire, kaya ndi mpando wosakhalapo munthu, sindifunsa kuti n'ka ntchito yanji. Ndimadutsa. Atsikana oyenda nane amadabwa, amati amayi aakulu mwasiya mpando wabwinobwino uja, ine ndimati tiyeni, dzuwa likupita.

A Esitere anamwalira akukhulupirirabe kuti dongo la azungu ndi labodza, ndipo ndinaleka kalekale kutsutsana nawo. Chomwe sindinaleke ndi kuwerenga madenga ndikamayenda m'mudzi muno. Ili anakhoma abambo, ilo anakhoma abambo, zitseko, mipando, mabenchi a ku mapemphero a mphakati, ngakhale mabokosi omwe tinaikiramo akufa athu. Munthu anatigwirira ntchito mpaka imvi, osakana kanthu. Pa zonse zomwe anapanga ndi manja ake anadzisungira kabati imodzi yokha, ndipo imeneyonso tinaimasula chitseko.